Lenzi Ilibe Zala

1. Malamulo atatu a amalume

Kamera ya amalume inali ndi nthenda zitatu, ndipo Kadiso ankazidziwa zonse pamtima.

Yoyamba inali ya ukalamba. Kagalasi kakumbuyo, koonerapo chithunzi ukangojambula, kanathima chaka chatha. Ukajambula, umadikira kukafika pa kompyuta kuti uone chomwe wachita.

Yachiwiri inali yobadwa nayo. Kamera za mtundu umenewu suyang'ana kudzera mu lenzi. Umasuzumira pa kawindo kam'mbali, n'kuona munthu mmodzi ali awiri. Ndiye umapotokola lenzi pang'onopang'ono mpaka awiriwo agwirizane n'kukhala mmodzi. Maso a amalume anali atatopa. Ankati masiku ano akapotokola, awiriwo amasanduka atatu. N'chifukwa chake ntchito yosuzumira inagwera mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa kusekondale, ndipo dzina lakuti Kadiso linachokera pomwepo.

Nthenda yachitatu inali lenzi. Yakeyake ya kamerayo inagwa pa simenti n'kusweka, amalume n'kugula ya kampani ina, yotchipa koma yotakata, yokwana banja lonse ngakhale m'kachipinda. Kulowa inkalowa, koma kamera sinkaizindikira. Lenzi zenizeni zimakhala ndi timadontho takuda ndi toyera kumbuyo kwake. Kamera imawerenga timadonthoto n'kukonza yokha mitundu. Iyi inalibe. Amalume anayesapo kulemba timadontho ndi cholembera chakuda. Kamera inapusitsika masiku awiri, inki n'kufufutika.

Choncho chithunzi chilichonse chinkatuluka chapepo kumanzere, chobiriwira kumanja. Ndipo pomwe chakuda chakumana ndi kuwala, monga tsitsi ndi thambo, pankayenda kamzere kapepo ngati wina wadutsitsapo choko.

Lamlungu limenelo ntchito inali ya pakhomo. Abambo a Kadiso anali atagona m'chipatala masabata atatu ndi matenda a kuthamanga kwa magazi. Anapempha chinthu chimodzi: chithunzi cha banja lawo lonse choti aziika pafupi ndi bedi. Nthawi yoona odwala inali kuyamba folo koloko.

Asanamupatse kamera, amalume anamukhazika pansi.

"Mphwanga, amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Lenzi iyi ndi mlendo, ndipo kuthwa ndi yakuthwadi, koma imachekanso m'mbali. Ndiye tamvera. Choyamba, munthu wofunika umuike pakati. Pakati siinama. Chachiwiri, ujambule kawiri. Koyamba kamera ili chilili, kachiwiri utaizondotsa. Bodza la lenzi limatsata kamera. Ukaizondotsa, pepo amasamuka n'kupita mbali inayo. Koma chinthu chenicheni sichisamuka, chimakhala pomwe chili. Chachitatu, ukamaliza ujambule khoma loyera lopanda kanthu. Khoma lilibe mtundu, ndiye mtundu uliwonse womwe uonekepo ndi wa lenzi. Kompyuta ukaionetsa khomalo, imachotsa bodza lonse pa zithunzi zinazo. Chotsalacho usachikhudze. Ntchito yathu ndi kukonza zomwe lenzi yalakwitsa. Zomwe dziko lalakwitsa si ife ofufuta. Wamva?"

"Ndamva, amalume. Mumanena Lamlungu lililonse."

"Nawonso abusa amanena Lamlungu lililonse. Anthu asiya kuchimwa?"

2. Munthu wofunika pakati

Achemwali ake a Kadiso anafika itangokwana wani koloko, pa galimoto ya amuna awo. Dzuwa linali loswa mtengo, koma iwo anali atakulunga sikafu m'khosi. Anali munthu woyera khungu, wofatsa. Kamwana kawo ka miyezi isanu ndi itatu kanali m'manja. Sankakasiya ndi munthu aliyense, ngakhale popita kukasamba.

Alamu anatsika ndi thumba la malalanje a odwala. Ankagulitsa matayala, ndipo chigonereni abambo, ndi iwo ankanyamula amayi kupita nawo kuchipatala tsiku ndi tsiku. Amayi ankati mkamwini ngati ameneyu sapezeka kawiri.

"Mlamu wanga wojambula!" anakuwa alamu. "Lero undichotse mimbayi, wamva?"

"Kamerayi ndi yakale, alamu. Zozizwitsa sinaphunzire."

Onse anaseka. Kadiso anawandandalika pakhonde: amayi, achimwene ake awiri, achemwali ndi mwana. Amalume anakumbutsa kuti munthu wofunika akhale pakati. Ankanena amayi. Koma alamu anamva ngati aitanidwa, n'kulowa pakatipo, dzanja paphewa la apongozi awo. Mzere unasendera, achemwali n'kupezeka kumapeto kwenikweni, kumanzere.

Kadiso anasuzumira pa kawindo. Alamu awiri anasanduka mmodzi. Kumapeto kuja kamwana kanagwira sikafu ya mayi ake n'kuikoka. Kadiso anadina. Anazondotsa kamera n'kudinanso.

"Aa! Mlamu, ukufuna tituluke ngati mileme?" anatero alamu.

"Ndi lamulo la amalume."

Achemwali anabweza sikafu msangamsanga. Kadiso sanalabadire. Anali atatembenukira kale kukhoma loyera la kukhitchini, kulijambula lopanda kanthu, achimwene ake akumuseka kuti khomalo limwetulire.

3. Madontho anayi

Situdiyo ya amalume inali kachipinda kakumapeto kwa mzere wa mashopu, misewu iwiri kuchokera kunyumba. Pa Lamlungu mashopu onsewo ankakhala otseka. Mkatimo munali tebulo, kompyuta, makina osindikizira, ndi nsalu yaikulu yojambulidwa nyumba ya masitepe yomwe makasitomala ankaima patsogolo pake ngati ndi yawo.

Amalume anapita kwa mmisiri wa matabwa kukatenga felemu yoikamo chithunzi. Kadiso anakopera zithunzi pa kompyuta, kakhadi kosungira zithunziko n'kukabwezera mu kamera monga mwa chizolowezi.

Chithunzi choyamba chinatuluka monga ankayembekezera. Kumanzere konse kunali pepo: khoma, bulauzi ya achemwali, tsaya la mwana. Anaionetsa kompyuta khoma loyera lija. Pepo anasungunuka. Anasuntha kabatani kochotsa timizere ta m'mbali mwa tsitsi, natonso tinachoka.

Koma pakhosi pa achemwali, pomwe sikafu inasendera, panatsala madontho anayi.

Kadiso ankakonda mafunso ozunguza mutu, ndipo poyamba anakondwa ngati wapeza limodzi. Anakulitsa chithunzi. Madonthowo anali apepo woderako, aatali pang'ono, ondandalikana bwino kuchokera kunsi kwa khutu. Lenzi imapaka mbali yonse. Siisankha khosi n'kusiya kolala.

Anatsegula chithunzi chozondoka n'kuchitembenuza. Tsopano khoma la kuseri kwa achemwali linali lobiriwira. Pepo wa lenzi anali atasamukira kwa achimwene, kumapeto enawo.

Madontho anayi aja sanasamuke.

Chitseko chinalira. Anali achemwali, mwana kumsana.

"Amayi akuti ufulumire, alamu ako aliza kale galimoto kawiri." Anayandikira. Ataona chomwe chinali pa kompyuta, anaima chilili.

"Ndi lenzi imeneyo," anatero. "Si amalume amanena okha kuti imapaka pepo kumanzere?"

"Wa lenzi ndachotsa kale."

"Ndiye sunamalize."

Kadiso anawaonetsa chozondoka chija. Anawafotokozera za khoma, za kusamuka kwa mtundu, zonse mwadongosolo ngati ali m'kalasi. Kenako analoza madontho anayi aja.

"Achemwali, lenzi ilibe zala."

Kenako achemwali anaseka, kuseka kopanda mano.

"Wawerenga zinayi? Chala chachikulu chili mbali inayo."

"Ndi alamu?"

"Tsitsa mawu."

"Kuyambira liti?"

"Iwe, si nkhani ya ana imeneyi. Anapepesa. Analira ndithu, misozi ndinaiona ndi maso angawa."

"Analira kangati?"

Achemwali anamasula mwana, n'kukhala pampando wa makasitomala, patsogolo pa nyumba ya masitepe ija.

"Tamvera, mng'ono wanga. Dokotala anati chiyani? Anati abambo asamve chilichonse chowadzidzimutsa. Ukufuna uwapatse chithunzi chimenechi aziyang'ana usana wonse? Amaona, abambo aja. Ukawapha ndi pepala. Nanga amayi azipita bwanji kuchipatala? Wapansi? Dikira atuluke kaye. Akangotuluka ndidzanena ndekha, ndikulumbira. Lero lokha, chotsa. Iwe umatha. Unachotsa ziphuphu zonse za mwana wa aphunzitsi uja."

"Ziphuphu sizinachite kumutsamwitsa."

"Ndakugwira mwendo."

Chibadwire, Kadiso anali asanamvepo achemwali ake akumupempha kanthu.

4. Mphindi imodzi

Mu kompyutamo munali kachida kotapa khungu pamalo ena n'kulimata pamalo ena. Kadiso anatapa khungu labwino kunsi kwa khosi, pafupi ndi kolala, n'kumata pa dontho loyamba. Linachoka. Lachiwiri. Lachitatu. Pa lachinayi sanayang'anitsitse n'komwe.

Ntchito yonse sinakwane mphindi imodzi. Kuchotsa ziphuphu kunatenga nthawi yaitali kuposa pamenepa.

Makina analavula zithunzi ziwiri, choyesera ndi chenicheni. Banja linaoneka bwino kwambiri. Alamu pakati, mano onse pamtunda. Kumapeto mayi wachitsikana, sikafu itasendera, khosi losalala ngati la chidole.

"Fufutanso zoyambazo," anatero achemwali.

Kadiso anafufuta pa kompyuta iwo akuona. Za kakhadi ka mu kamera achemwali sankadziwa, ndipo iye sanazitchule.

Panja hutala inalira. Alamu anali atatopa kudikira kunyumba, n'kubwera ndi amayi mpaka pakhomo la situdiyo.

"Za felemu zidzaoneka mawa!" anakuwa amayi ali m'galimoto. "Malume wako ndi mmisiri uja akakumana, nkhani sizitha."

Achemwali anakonza sikafu, kubereka mwana, n'kutenga chithunzi. Pakhomo anatembenuka.

"Uli ndi mtima wabwino," anatero.

Galimoto inanyamuka.

5. Kadontho kachiwiri

Amalume anafika patapita nthawi pang'ono, felemu kukhwapa. Atamva kuti anthu apita, anatukwana mmisiri pang'ono, n'kutola chithunzi choyesera chomwe chinatsala patebulo.

"Mitundu yakhala bwino," anatero. "Khoma lagwira ntchito."

Anatulutsa galasi lawo lokuzira zinthu. Maso awo ankalephera kugwirizanitsa anthu pa kawindo, koma pa pepala sankaphonya kanthu. Anayenda nalo galasilo kuchokera kumanja, nkhope ndi nkhope. Kumanzere anaima nthawi yaitali.

"Mwana uyu ndinamunyamula ali ndi tsiku limodzi," anatero. "Anabadwa ndi kadontho kakuda kamodzi pafupi ndi kolala. Kamodzi. Pano ndikuona tiwiri, tofanana ngati mapasa, kena kakwera mpaka kunsi kwa khutu. Kodi timadontho timaswana masiku ano?"

Kadiso anayang'ana pansi. Potapa khungu anatapira kadontho komwe.

"Unamata chiyani pamenepa?"

Anawauza zonse. Amalume sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala, galasi lili m'manja.

"Ndikuuze nkhani yomwe ngakhale mayi ako saidziwa. Kale, tisanakhale ndi makompyuta, tinkakonza zithunzi ndi kaburashi. Kunali mayi wina, wosoka zovala, ankabwera kudzajambulitsa chithunzi chotumiza kwa makolo ake chaka chilichonse. Chaka choyamba anabwera ndi diso lotupa. Anati, ajambuli, ndikonzereni, makolo angade nkhawa. Ndinakonza. Chaka chachiwiri unali mlomo. Ndinakonza. Chachitatu linali tsaya, ndipo pamenepo ndinali katswiri, sindinadikire n'komwe kuti apemphe. Zoyambazo ndinkazitentha iye akuona, kuti mtima wake ukhale pansi. Ndinkadziona ngati munthu wachifundo. Chaka chachinayi kunabwera mchimwene wake, yekha, kudzapempha chithunzi chachikulu choika pabokosi la maliro a mayiyo.

"Abale ake anafuna kukasuma. Anati mwamuna ndi amene wamupha, ndipo sanayambe lero. Apolisi anawafunsa umboni. Anabwera kwa ine. Ndinatsegula kabati, n'kupeza zithunzi zitatu za mayi wosangalala, khungu losalala, ntchito ya manja anga. Mwamunayo anazitenga zomwezo n'kumaonetsa anthu kuti, taonani mmene ndinkamusamalira mkazi wanga. Umboni wake ndinamulembera ndine, ndi kaburashi.

"Mphwanga, womenya mkazi sagwira ntchito yekha. Amafuna anthu omuthandiza: wogulitsa sikafu, woyandikana naye wokweza wailesi, ndi wina wa mtima wabwino wofufuta. Akulu anati chinthu chobisa chimaola. Chilonda ukachiphimba sichipola, chimangodya mkati. Mkulu wako wakupempha chifukwa ali ndi mantha, ndipo wamantha sapempha mankhwala, amapempha bulangete. Abambo ako sakanayenera kuona chithunzi chimenecho, pamenepo ananena zoona. Ukanadula chithunzi, ukanati chawonongeka, ukanandidikira ine. Njira zinalipo. Iwe wasankha yofulumira."

Kadiso anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Anati adzanena okha abambo akatuluka."

"Wosoka uja ankatinso adzanena mvula ikatha." Amalume anaika galasi patebulo. "Tsono iwe wokonda mafunso, nali lako. Chithunzi chimenechi chipusitsa mayi ako. Chipusitsa abambo ako. Ndi ndani amene sichingamupusitse?"

"Achemwali."

"Winanso?"

Kadiso anayang'ana chithunzicho. Sikafu yosendera. Khosi loonekera poyera, lopanda kanthu. Munthu wosadziwa akanangoona khosi. Koma munthu wodziwa chomwe chinayenera kukhala pamenepo akanaona kuti chachotsedwa. Ndipo chinthu sichichotsedwa ndi munthu amene sanachione.

"Alamu," anatero motsitsa.

"Akuyendetsa galimoto ndani?"

"Alamu."

"Ndipo m'banja mwathu muno, ndani amakonda kudziona pa chithunzi kuposa wina aliyense?"

Kadiso anatola foni n'kuimbira achemwali. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso. Ulendo uno inali yozimitsa. Ya amayi inalira ndithu, koma Kadiso anakumbukira kuti amayi anaisiya kunyumba ikutchajidwa, pamwamba pa kabati.

6. Chitseko

Amalume anatulutsa njinga yawo kuseri kwa nsalu ya nyumba ya masitepe.

"Zoyambazo zilipo?"

"Pa kompyuta ndafufuta. Pa kakhadi zilipo, zonse zitatu."

"Ndiye waposa malume wako. Ine ndinatentha." Anamanga mwendo wa thalauza ndi mphira. "Ndikupita kuchipatala, ndikamukokere mayi ako pambali. Lero lomwe amve. Iwe tseka chitseko, ukhome ndi chachitsulo chomwe. Kakhadi kameneko ndi khosi la mkulu wako. Usapatse munthu, ngakhale abwere akuseka. Makamaka akabwera akuseka."

Anapalasa n'kukhota pangodya.

Kadiso anakhoma zitseko zonse ziwiri. Anatsegula kamera kunsi, kutulutsa kakhadi, n'kukayang'ana. Kanali kochepa ngati chikhadabo. Anayesa kukaika m'kabati, n'kukatulutsamo. Anayesa kuseri kwa felemu yatsopano ija, n'kukachotsanso. Pomaliza anakalowetsa mu sokosi, kunsi kwa phazi.

Anakhala pampando wa makasitomala. Msewu unali zii. Wotchi ya pakhoma inati folo koloko yadutsa ndi theka.

Kenako kunamveka matayala pa miyala. Injini inazima. Chitseko cha galimoto chinatsekedwa mosafulumira, ndipo mapazi anabwera mpaka pakhomo.

"Odi kuno! Mlamu wanga wojambula!"

Kadiso anakanikiza phazi pansi, kakhadi kali kunsi kwake.

"Ndikudziwa ulimo, kompyuta ikumveka. Ntchito yabwino, mlamu. Abambo akondwa kwambiri, mpaka misozi. Mimba yokha ndi imene waiiwala." Anaseka. "Tsegula, ndabwera kudzaona cha mileme chija. Chozondoka. Ndipo ubwere ndi kakhadi komwe, ndikasindikize chachikulu m'tauni."

Kadiso anayenda monyang'ama mpaka pawindo, n'kusuzumira pa mpata wa katani ndi diso limodzi, monga ankachitira pa kamera. Alamu anali ataima pakhomo, akumwetulira chitseko. Kuseri kwawo kunali galimoto, mawindo otsitsa.

Pampando wakumbuyo kamwana kanali kokha, kakulira mpaka kusasa mawu. Pampando wakutsogolo panalibe munthu. Panali sikafu.